ZA M'BANJA: Maca wa ku Peru, Gondolosi Wathu ndi Nyumba Yopanda Mwana

Mwezi uno tikambirana nkhani imene ambiri amainong'ona pa msika koma saitchula pa bwalo. Ndiyo nkhani ya mizu ndi maufa amene anthu amati amaonjezera mphamvu za m'banja, ndiponso amabweretsa mphatso ya mwana m'nyumba imene yakhala zaka popanda kulira kwa khanda. Tikudziŵa kuti magazini ino imaŵerengedwa ndi makolo pamodzi ndi ana ao osinkhuka, motero tidzasankha mau athu mwaulemu. Koma kukhala chete sitingathe, pakuti ndalama zikutha, matupi akuonongeka, ndipo maukwati ena akugwedezeka chifukwa cha zinthu zimene sizidafotokozedwe bwino.

Kuno ku Mwaya, ndi m'midzi yonse ya m'mphepete mwa nyanja kuyambira ku Kande mpaka ku Chintheche, palibe munthu wamkulu amene sadamvepo za gondolosi. Tsono masiku ano kwabwera mlendo wina, dzina lake limalembedwa maca koma limatchulidwa kuti maka. Ameneyu amagulitsidwa ngati ufa kapena timibulu ta m'botolo, ndipo amalengezedwa kwambiri pa Facebook ndi pa WhatsApp. Otsatsa malonda amati ufa umodzi womwewo umadzutsa chilakolako, umachiza bambo wofooka, umakonza timadzi ta m'thupi timene madokotala amati mahomoni, ndipo umapatsa mwana banja losabereka.

Pamenepa ndipo pagona nkhani yathu. Chilakolako, mphamvu ya thupi ndi kubereka ndi zinthu zitatu zosiyana, ngakhale zimakhala m'nyumba imodzi. Munthu angathe kukhala ndi ziŵiri zoyambazo mokwanira koma osabereka. Wina angathe kukhala wofooka koma mbeu yake ili bwinobwino. Wamalonda amazimanga zonse mtolo umodzi kuti katundu ayende msanga. Ife tiyeni timasule mtolowo, tione chimodzichimodzi.

Kodi maca n'chiyani?

Maca ndi chomera cha ku Peru, dziko la ku South America. Akatswiri a zomera amachitcha Lepidium meyenii, ndipo n'cha mtundu umodzi ndi mpiru ndi kabichi. Chimene anthu amadya ndi muzu wake wobulungira, umene umakhala wachikasu, wofiira kapena wakuda. Chimalimidwa pa mapiri a Andes, makamaka m'chigawo cha Junín, pamalo okwera mamita 4,000 kapena kuposapo. Kuti timvetse kutalika kwake, tikumbukire kuti nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje, imene ili pamwamba pa malo onse m'Malaŵi muno, ndi mamita 3,002, pamene nyanja yathuyi siifika ndi pa mamita 500 pomwe. Kumeneko kumazizira koopsa, mphepo siileka, ndipo chimanga sichingakule. Anthu a kumeneko akhala akudalira maca kwa zaka mazanamazana ngati chakudya, monga momwe ife a kunyanja timadalira chinangwa.

Ndipotu chinangwa chathuchi nachonso kwao n'ku South America komweko. Adabwera nacho ku Africa kuno ndi Apwitikizi. Mayi aliyense wa ku Nkhata Bay amadziŵa kuti chinangwa choŵaŵa sachipereka kwa ana chisanaviikidwe m'madzi ndi kuyanikidwa, ndiye pake kondowole amatenga masiku kuti afike pa mbale. Anthu a ku Junín nawonso ali ndi mwambo wao: maca amamuyanika pa dzuŵa kufikira atauma gwa, kenaka amamuŵiritsa, napanga phala kapena chakumwa. Iwo adakhulupirira kuyambira kale kuti muzuwu umathandiza ziŵeto ndi anthu kubereka pamalo ozizirawo. Chikhulupiriro chimenechi n'chimene chidaunyamula muzuwu kuufikitsa m'masitolo a ku America, ku Ulaya ndi ku China, kotero kuti m'chaka cha 2014 mtengo wake udakwera kwambiri chifukwa cha ogula ochokera ku China.

Zimene madokotala adapeza

Munthu amene wafufuza kwambiri za maca ndi Dokotala Gustavo Gonzales wa pa yunivesite ya Cayetano Heredia mu mzinda wa Lima. M'chaka cha 2001 iye ndi anzake adalengeza kuti adapatsa maca amuna 9 kwa miyezi 4, ndipo mbeu yao idachuluka ndi kuyenda mwamphamvu kuposa kale. Koma amuna 9 ndi ochepa, ndipo panalibe gulu lina loŵayerekeza nalo. Chaka chotsatira, 2002, adachita kafukufuku wolongosoka. Amuna oposa 50 adagaŵidwa m'magulu: ena ankalandira magalamu 1.5 a maca pa tsiku, ena magalamu 3, ndipo ena ankalandira mibulu yachabe yofanana ndi maca, iwo osadziŵa. Patapita masabata 8, amene ankalandira maca weniweni adanena kuti chilakolako chao chaonjezereka pang'ono.

Koma taonani chimene otsatsa malonda sanena. Atapima magazi a amuna ameneŵa, adapeza kuti testosterone, homoni imene imapatsa mnyamata ndevu ndi mau aakulu, sidasinthe konse, ndipo mahomoni ena okhudza kubereka nawo adangokhala monga analiri. Ku Australia m'chaka cha 2008 adayesa maca pa amayi 14 amene adasiya kusamba. Amayiwo adati nkhaŵa idachepa ndipo zinthu m'banja zidakhalako bwino, koma mahomoni ao sadasinthenso. Choncho mukamva wina akunena kuti maca amakonza mahomoni, dziŵani kuti akunena chimene magazi a anthu opimidwawo adakana.

Nanga za bambo wofooka? Ku Italy m'chaka cha 2009 adayesa amuna 50 amene vuto lao linali laling'ono. Olandira maca adapezako bwino pang'ono, koma chodabwitsa n'chakuti nawonso olandira mibulu yachabe adati akupezako bwino. Apa tikuphunzira kuti pa nkhani ya m'banja maganizo ali ndi mphamvu yaikulu: munthu akakhulupirira kuti wamwa mankhwala, mantha amachoka, thupi n'kumasuka. M'chaka cha 2010 akatswiri ena adasonkhanitsa kafukufuku yense wolongosoka amene adachitika pa maca ndi nkhani ya m'banja. Adapeza 4 okha, ndipo adagamula kuti umboni wake ndi wochepa, wosakwanira kumangapo mfundo. Tionjezere kuti kafukufuku amene tatchulayu adaŵerenga mbeu ndi kufunsa mafunso. Sadaŵerenge ana obadwa.

Mwachidule, maca ndi chakudya chabwino cha anthu a kumapiri, chimene mwina chimadzutsako chilakolako mwa anthu ena. Sichidatsimikizike kuti chimachiza kusabereka. Ndipo popeza sichidayesedwe mokwanira pa amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, ameneŵa ndi bwino achitalikire.

Nanga gondolosi wathu?

Gondolosi ndi chomera choyanga cha m'nkhalango, chimene akatswiri amachitcha Mondia whitei. Muzu wake umanunkhira bwino, umayamba ndi kuŵaŵa m'kamwa kenaka n'kutsekemera. Si ife tokha timaudziŵa: Azulu amati umondi, ndipo ku Kakamega m'dziko la Kenya amati mukombero. Ku South Africa anthu adaukumba kwambiri kotero kuti udasoŵa m'nkhalango zambiri, chinthu chimene chiyenera kutichenjeza ifenso, pakuti wokumba muzu amapha chomera chonse.

Mwana wa dziko lino, Dokotala Fanuel Lampiao wa ku sukulu ya madokotala ya College of Medicine ku Blantyre, imene kuyambira 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, adafufuza za gondolosi pamodzi ndi anzake a ku Stellenbosch. M'chaka cha 2008 adalengeza kuti atathira madzi a muzuwu pa mbeu ya abambo m'kambale ka mu labotale, mbeuyo idayenda mwamphamvu. Imeneyi ndi ntchito yotamandika, ndipo ikusonyeza kuti makolo athu sankangolota. Komabe kambale si thupi la munthu. Chimene chatafunidwa chimayamba chadzera m'mimba ndi m'chiŵindi, ndipo pofika kumene chikufunika chimakhala chitasinthika. Ndiponso ku Cameroon, Dokotala Pierre Watcho ndi anzake adapeza m'chaka cha 2001 kuti makoswe aamuna amene adamwetsedwa gondolosi wambiri kwa masabata ochuluka adaleka kupanga mbeu bwino, ndipo adabwerera mwakale pokhapokha atasiya kumwa. Khoswe si munthu, n'zoona. Koma phunziro lilipo, lakuti chomera chimene chili ndi mphamvu yothandiza chilinso ndi mphamvu yopweteka chikachuluka. Amene amatafuna gondolosi tsiku ndi tsiku ngati mzimbe aganizepo bwino.

Chikomekome cha mkuyu

Choopsa chachikulu sichili mu muzu weniweni, koma m'mabotolo ndi m'timapaketi tokongola tolembedwa kuti zachilengedwe. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. M'chaka cha 2019 chakumwa china chopatsa mphamvu, chotchedwa Natural Power SX, chopangidwa ku Ndola m'dziko la Zambia, chidaletsedwa ku Malaŵi kuno ndi ku Zambia komweko, chitapimidwa ndi kupezeka kuti chinali ndi sildenafil. Ameneŵa ndi mankhwala a m'mibulu ya Viagra, imene idaloledwa ku America m'chaka cha 1998, ndipo amayenera kuperekedwa ndi dokotala. Anthu ankagula chakumwacho m'magolosale osadziŵa chimene akumwa. M'maiko ambiri oyang'anira mankhwala akhala akupeza chinyengo chomwechi m'maufa, m'khofi ndi mu uchi wogulitsidwa ngati mankhwala azitsamba a abambo.

Sildenafil amagwira ntchito potakasa mitsempha ya magazi. Kwa munthu amene dokotala wamupima, mankhwalaŵa amathandiza. Koma kwa bambo amene akumwa mankhwala ena a mtima, makamaka a kupweteka kwa pachifuwa, magazi angathe kutsika mphamvu mwadzidzidzi, munthu n'kukomoka, mwinanso kutsikira kuli chete. Motero ufa ukagwira ntchito mwamsanga modabwitsa, pasanathe ndi ola lomwe, musakondwere. Kumbukirani kuti maca weniweni adatenga masabata 8 kuti kusintha pang'ono kuoneke. Safunsa adadya phula.

Abambo amvetsenso ichi. Kufooka m'banja kaŵirikaŵiri kumakhala mthenga wa matenda ena. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi amaononga mitsempha yaing'ono poyamba, ndipo vuto la kuchipinda lingathe kuoneka zaka zingapo matenda a mtima asanadziŵike. Moŵa, fodya, kutopa, ngongole ndi mikangano yosatha zimafooketsanso. Bambo amene amabisa vutoli ndi ufa wa pa msika ali ngati munthu wothamangitsa mthenga asanamve uthenga. Kupimitsa shuga ndi kuthamanga kwa magazi ndi ntchito ya mphindi zochepa pa chipatala.

Nyumba yopanda mwana

Tsopano tifike pamene pali misozi yeniyeni. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization lidalengeza m'chaka cha 2023 kuti mwa anthu akuluakulu 6 alionse, mmodzi amakumana ndi vuto la kusabereka pa nthaŵi ina ya moyo wake, m'maiko olemera ndi osauka momwe. Madokotala amati banja lili ndi vutoli ngati latha miyezi 12 likukhalira pamodzi, osagwiritsa ntchito njira yolera, koma mayi osaima. Ndipo amatiuza kuti mwa mabanja otere, pafupifupi theka vuto limakhudza bambo, kaya yekha kaya pamodzi ndi mkazi wake.

Mau ameneŵa ayenera kumveka m'midzi mwathu, pakuti ife tidazoloŵera kuloza chala mayi. Ndiye amene amatchedwa chumba, ndiye amamwetsedwa mizu yoŵaŵa chaka ndi chaka, ndiye amanyozedwa ndi alamu ake, ndipo potsiriza ndiye amaona mwamuna wake akutenga mkazi wina. Bambo amati, ine ndilibe vuto, mphamvu ndili nazo. Koma tanena kale kuti mphamvu ndi mbeu n'zosiyana. Mbeu siioneka ndi maso. Imaŵerengedwa ndi makina oonera tinthu ting'onoting'ono. Mwamuna wanyonga amene amapalasa bwato usiku wonse angathe kukhala ndi mbeu yochepa, iye osadziŵa. Kumeneko si kuchepa kwa umunthu wake, ndipo si mlandu, monga momwe sikuli mlandu kwa mkazi.

Zimene zimatseka kubereka zambiri zili ndi maina, ndipo zina zimachizika. Chinzonono ndi matenda ena opatsirana pogonana, akapanda kuchizidwa msanga, amasiya zipsera zimene zimatseka njira zodzera mazira a mayi kapena njira zodzera mbeu ya bambo. Matsagwidi akagwira mnyamata amene watha msinkhu nthaŵi zina amatsikira ku ziŵalo zopanga mbeu. Kuchotsa pakati mobisa ndi matenda odza pambuyo pa uchembere zimaononganso chiberekero. Njira yotsekeka ndi chipsera siingatseguke ndi ufa, kaya wa ku Peru kaya wa m'nkhalango ya kwathu konkuno.

Ife a m'mphepete mwa nyanja tili ndi mdani winanso, ndiye likodzo. Tonse timadziŵa kuti tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi, timaloŵa pa khungu posamba, pochapa kapena pokoka khoka, ndipo mwana amayamba kukodza magazi. Chimene ambiri sadziŵa n'chakuti mazira a tizilomboti sakhala m'chikhodzodzo mokha. Amakhazikikanso m'chiberekero ndi m'njira za mazira mwa amayi, ndi m'ziŵalo zobisika za abambo. Dokotala Sekeleghe Kayuni, pogwira ntchito ndi sukulu ya Liverpool School of Tropical Medicine, adapima asodzi a ku Mangochi, ndipo zotsatira zimene zidalengezedwa m'chaka cha 2019 zidasonyeza mazira a likodzo mu mbeu ya ena mwa iwo. Nyanja ya ku Mangochi ndi yomweyi imene timasambamo ku Mwaya. Mankhwala a likodzo, praziquantel, amapezeka m'zipatala za boma ndipo amagaŵidwanso m'masukulu. Amapha tizilombo, koma zipsera zakale sazichotsa. N'chifukwa chake kholo limene limaletsa mwana wake kumwa mankhwalaŵa ku sukulu likuseŵera ndi zidzukulu zake.

Tichite chiyani tsono?

Banja limene latha chaka popanda mphatso lipite ku chipatala, mwamuna ndi mkazi limodzi, osati mkazi yekha. Ngati mayi wapitirira zaka 35, asadikire chaka; miyezi 6 yakwana, pakuti nthaŵi ya mayi siibwerera. Yambani pa chipatala chapafupi, monga cha Chintheche, ndipo akaona kuti n'kofunika adzakutumizani ku chipatala cha boma cha Nkhata Bay kapena ku chipatala chachikulu cha Mzuzu. Kupima bambo n'kosavuta ndiponso kosapweteka poyerekeza ndi kupima mayi, motero nzeru ndi yakuti bambo ayambe ndiye. Ngati mukumwa maca, gondolosi kapena mankhwala ena azitsamba, muuzeni dokotala mosabisa. Dziŵaninso kuti thupi limatenga pafupifupi miyezi iŵiri ndi theka kupanga mbeu yatsopano, choncho amene wasiya moŵa ndi fodya lero asataye mtima pakatha sabata. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Inu achinyamata, ena a inu mumatafuna gondolosi pa gulu kapena kugula timibulu m'malo omwera moŵa pofuna kuoneka amuna. Thupi la mnyamata silisoŵa chothandizira. Chimene likusoŵa ndi kulisunga. Ana amene mudzaŵafune muli ndi zaka 30 mukuŵateteza kapena kuŵataya lero. Kudziletsa kufikira ukwati, kumene mpingo umakuphunzitsani, kumatchinjirizanso njira zobisika zija zimene chinzonono chimatseka. Ndipo amene watenga kale matenda asachite manyazi: athamangire ku chipatala, amalize mankhwala onse, ndipo mnzakeyo achizidwenso.

Inu makolo, apongozi ndi ankhoswe, mau anu ali ndi mphamvu yomanga kapena kupasula. Funso lakuti kodi mdzukulu abwera liti, likabwerezedwa mwezi ndi mwezi, limasanduka mkondo. Ndilo limatumiza ana athu kwa ogulitsa maufa, ndilo limabweretsa maganizo a mitala ndi a fisi, amene alowetsa kachilombo ka HIV m'nyumba zambiri. Nkhoswe yanzeru imaitana aŵiriwo pambali, imaŵalimbikitsa kupita ku chipatala limodzi, ndipo imasunga chinsinsi cha zimene adokotala apeza.

Nkhani ya mizu yoberekera ndi yakale. M'buku la Genesis, mutu 30, timaŵerenga za Rakele amene adali wosabereka, ndipo adapempha kwa mkulu wake Leya zomera zimene Rubeni adazipeza kuthengo, zimene anthu a nthaŵi imeneyo ankakhulupirira kuti zimathandiza kubala. Koma amene adaima pambuyo pake ndi Leya, yemwe adapereka zomerazo, ndipo Rakele adadikirabe kufikira nthaŵi yake itakwana. Timaŵerenganso za Elikana amene sadaleke kukonda Hana m'zaka zonse zimene analibe mwana. Pa tsiku la ukwati aŵiri amalonjezana kukhala limodzi pa mtendere ndi pa mavuto, ndipo lonjezo limenelo silidikira kubadwa kwa mwana kuti likhale loona.

Pali mabanja ena amene adzayenda zipatala zonse koma mphatso osabwera. Ameneŵa asasekedwe pa chitsime kapena pa gombe, ndipo asakhalitsidwe kumbuyo m'mpingo. M'midzi mwathu muli ana amasiye ambiri amene akusoŵa wowatcha mwana wanga, ndipo makolo athu adanena kale kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndalama imene ikadathera pa mabotolo a maca ingathe kulipira ulendo wa aŵiri wopita ku Mzuzu kukapimidwa, kapena kugulira yunifolomu mwana wa malemu mbale wanu amene mwamtenga kuti akule pa khomo panu.